Chikuta cha Nsapato za Mbawala

Kodi madzi akalowa mu nsapato, amatulukira khomo liti?

Limeneli ndi funso limene Mfumu Njati anafunsa pabwalo tsiku lina, nyama zonse n'kungoti kakasi. Koma nthano siyambira pakati. Padangokhala, ndipo amene muli maso vomerani kuti tili limodzi.

Padali mudzi wa nyama umene mfumu yake inali Njati, mayi wa thupi lalikulu koma wokonda mafunso ngati mwana. Chinthu chachilendo akachiona ankachinunkhiza, kuchitembenuza, kufunsa kuti chimagwira ntchito bwanji. M'malire a mudziwo ndi mudzi wa kuseri kwa phiri munali mtengo wa masuku, ndipo chaka ndi chaka midzi iwiriyi inkapikisana pa liwiro. Opambana ankadya masuku chaka chimenecho. Ogonja ankangomva fungo.

Wothamangira mudzi wa Njati anali Mbawala. Popeza njira ya mpikisano inali ya minga, mfumu inamupezera nsapato zinayi zothamangira kuchokera ku tauni, za nsalu pamwamba, za mphira pansi, zingwe zake zoyera mbee. Mpikisano utayandikira kunagwa mvumbi, mvula yopyapyala ija yosadziwa kukata. Mbawala ali kuyeserera liwiro anaona atsikana a kwa Gwape akumuyang'ana, nati alumphe ngalande kuti amuone bwino. Khuvu! Anatuluka nsapato zonse zikulavula madzi.

“Zonyowa ine sindivala,” anatero Mbawala pabwalo. “Chaka chatha ndinayesa. Ndinatuluka matuza, ndinafika kumapeto ndikutsimphina, anzathu atayamba kale kutaya nthanga.”

Nduna Nyani anati mankhwala a chinyontho ndi moto, natsamiritsa nsapato imodzi pa fuwa. Posakhalitsa bwalo lonse linanunkha mphira, kunsi kwa nsapato kutayasama ngati kamwa la mlamba. Anaimata ndi ulimbo, Mbawala akulira. Khungubwe, mthenga wa mfumu, anatenga ina nauluka nayo kukafuna dzuwa kumwamba. Anabwerako akutsokomola, nsapato italemera kuposa poyamba. Fisi anati, “Ndipatseni ine ndiyamwe madziwo,” koma panalibe anamupatsa.

Ndi pamene mfumu inafunsa funso lija. “Madziwa analowa popanda wowaitana. Nanga bwanji sakutuluka? Khomo lawo lili pati?”



M'mphepete mwa bwalo, pansi pa phale losweka, panabisala mbewa yaikazi dzina lake Nambewe. Una wake unali utadzaza madzi. Mwamuna wake anali atawoloka kukafuna malo ouma, mtsinje n'kudzaza kumbuyo kwake. Pamimba pake panali ana atatu obadwa kumene, ofiira psuu, opanda ubweya, maso osatsegula. Awiri ankalira. Kachitsiriza kanali katasiya kulira, ndipo zimenezi ndi zimene zinkamuopsa koposa.

Malo ouma m'mudzi monse anali amodzi okha: nkhokwe ya mfumu. Koma pakhomo pake pankakhala Vumbwe, mkulu wa asilikali, ndipo lamulo linali lakuti mbewa yopezeka m'nkhokwe popanda chilolezo ndi ndiwo ya Vumbwe.

Nambewe za nsapato sankadziwa kanthu. Chibadwire anali asanaikhudzepo. Koma anakhudza kachitsiriza ndi mphuno, namva kuti kazizira, nakumbukira kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anafunditsa anawo tsamba, natulukira pabwalo akuwomba m'manja.

“Zikomo, amfumu.”

“Akulankhula pansipo ndani?”

“Ndine Nambewe, mdzakazi wanu. Khomo la madziwo ndikulidziwa.”

“Amfumu,” anatero Vumbwe akunyambita, “ndiwo zayamba kulankhula.”

“Khala chete, Vumbwe. Nena, mayi.”

Nambewe anali asanaganize chonena. Chimene chinali m'mutu mwake ndi ana basi, ndipo ndi chimene chinatuluka pakamwa.

“Nsapato yonyowa ili ngati mwana wobadwa kumene, amfumu. Moto imaopa. Mvula imaopa. Maso a anthu imaopa. Imafuna chikuta. Monga mayi amabindikira ndi khanda lake, mwamuna osalowamo, chakudya chikungoperekedwa pakhomo, ndi momwe nsapatozi ziyenera kubindikira ndi namwino wake.”

Makutu a mfumu anaima. “Chikuta cha nsapato! Izi sindinazimvepo. Chikhale kuti?”

“Pamalo pouma,” anatero Nambewe akuyang'ana kumwamba ngati akuganiza. “Pokwera. Pamene mphepo imadutsa pansi ndi m'mbali, koma denga losadontha. Kaya malo otero alipo m'mudzi muno, ine mlendo wa pansi sindidziwa.”

“Aa, imeneyo ndi nkhokwe!” anafuula Nyani, wofuna kuti anthu aiwale za moto zija.

“A nduna ndinu anzeru,” anatero Nambewe. “Ine sindikanaganiza.”

Vumbwe anadumpha. “Mbewa m'nkhokwe? Amfumu, kodi mbuzi amaisungitsa fisi?”

“Iwe ukhala pakhomo, ulondere chikutacho,” inatero mfumu. “Nambewe ndamulola, iye yekha. Nsapato zikauma, atuluka ndi ulemu. Zikapanda kuuma pofika tsiku la mpikisano, ndiwo yako imeneyo.”

“Chatsala chimodzi,” anatero Nambewe. “Mankhwala anga saonedwa. Nonse mutembenuke.”

Nyama zonse zinapereka misana, mfumu yomwe, ngakhale khosi linkaiyabwa kuti icheuke. Nambewe anathamanga ku phale, nanyamula mwana pakamwa atamukulunga m'tsamba, nakwera naye m'nkhokwe. Anabwerera, anabwereranso. Khungubwe anakweza nsapato, chitseko chinatsekedwa.

M'katimo munali mouma, chimanga chili mbwee. Koma khoma la nkhokwe ndi loluka, ndipo pa mpata uliwonse Nambewe ankaona diso la Vumbwe likuyendayenda. Pobisa ana panalibe, kupatula kumphuno kwa nsapato kumene diso silifika. Analowamo yekha kukaona. Munali monyowa ngati una umene anathawa uja.

Mayi sagoneka mwana pamadzi. Anasolola kansalu kopondapo kamene kanali katamwa madzi, nakatsamiritsa kukhoma. Anamasula zingwe, nayasamitsa nsapato kuti ana asabanike. Kenaka anang'amba makoko a chimanga ndi mano, tizidutswa tofewa, nawakankhira m'kati mpaka pansi ponse ndi m'mbali monse munadzaza. Pamwamba pake anagoneka ana, nawakumbatira. Patapita nthawi kachitsiriza kanasuntha mutu, kanafunafuna, kanayamba kuyamwa.

Nambewe asanapume n'komwe, anamva kuti pogona payamba kuzizira. Anagwira makoko: anyowa. “Kodi ana akodza?” Ananunkhiza. Ayi, silinali fungo la ana, linali la mapazi a Mbawala. Anatulutsa makoko onse, naika ena ouma. Nawonso ananyowa, koma pang'ono. Anasinthanso. Anakhala pakamwa pa nsapato akuyang'ana mulu wa makoko onyowawo, mutu uli pambali. Madziwa akuchokera kuti? Denga silikudontha. Ndiye kuti akuchoka mu nsalu. Koma akuwaitana ndani?

Ali m'maganizo choncho, ana atafundidwa ndi kukhuta anapeza mphamvu. Tswii! Tswii!

“Iwe Nambewe!” Diso la Vumbwe linali pa mpata. “Chikulira mmenemo n'chiyani?”

“Madzi, bwana.”

“Madzi amalira?”

“Inu akamakuchotsani pamalo pamene mwazolowera simulira? Imani ndiwanyengerere.”

Anayamba kuimba. Inali nyimbo yakale yotonthozera mwana, yoyamba ndi mawu otsika ngati munthu akupeta ufa, yomuuza wolirayo kuti atonthole poti mayi sali kutali, ndi kuti mvula ndi mlendo, mlendo sachedwa kubwerera kwawo. Kumapeto kwake mawu amakwera pang'ono, n'kugwa, n'kubwerera poyambira. Kulira kunachepa, kunatha.

“Mwamva? Gulu loyamba latuluka,” anatero Nambewe, naponya makoko onyowa pa mpata. “Gwirani.”

Vumbwe anagwira ndi phazi, nalikutumula. “Anyowadi! Koma ndinawaona akulowa ali ouma.”

“Otsalawo ndi amakani. Makoko akuwakana. Akufuna thonje.”

“Thonje ndilipeza kuti nyengo ino?”

“Mumtsamiro wa amfumu mulibe?”

Ndipo mkulu wa asilikali anayenda pamvula kukapempha mtsamiro wa mfumu, mfumu n'kupereka mokondwa, bola iuzidwe zotsatira.

Thonje linagwira ntchito koposa makoko. Ana anagona ngati ana a mfumu, ndipo m'mawa wina Nambewe atasolola thonje anapeza kuti ndi louma monga analiikira. Anakanda nsalu ya nsapato. Anainyambita. Youma!

Anakhala pansi. Bodza lake linali lasanduka zoona, iye osadziwa kuti zatheka bwanji. Mantha anayamba aima pambali, chidwi chinamugwira. Anayang'ana nsapato zitatu zimene sanazikhudze: zinali chinyowere, zitayamba fungo la nkhungu. Ina anaidzaza makoko. Ina anaidzaza makoko n'kuikokera pa mpata, kamwa lake kuloza kumene kumalowera mphepo. Yachitatu anaisiya dala, zingwe zili chimangire. Ankati akayamwitsa n'kuthamanga kukazigwira. Ya pa mpata inatsogola. Ya makoko okha inatsatira. Yosiyidwa ija sinasinthe mpaka nayonso ataimasula ndi kuidyetsa makoko.

“Kani madzi alibe miyendo,” anadziuza. “Amafuna wowabereka kumsana.”

Anaseka yekha. Kenaka kuseka kunatha. Nsapato zikauma zonse, chikuta chatha. Kunja mvula inali isanakate, pansi ponse pali madzi, ndipo ana anali atangoyamba kumera tiubweya totuwa. Anaganiza zozitulutsa imodziimodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu wogawa mchere wobwereka. Yoyamba anaikankhira kunja tsiku lomwelo, mudzi wonse n'kubwera kudzaigwira. Ya ana anaikokera kumdima, ndipo chidendene chake ankachinyowetsa dala ndi madontho a mvula amene ankatapa pa mpata kuti wosuzumira aone kuti ntchito idakalipo.

Tsiku lina Vumbwe anabwera pa mpata ndi Mbawala, amene anali atavala nsapato imodzi ija phazi lakutsogolo, akuyenda chopendekera.

“Mayi, zinazo zitani?” anafunsa Mbawala. “Wothamangira kuseri kwa phiri akuti akuyeserera tsiku lililonse. Ine ndikungolumpha ngati chule.”

“Chikuta sathamangitsa, achimwene. Kuthamanga ndi kwanu, kudikira ndi kwanga.”

Vumbwe sankamvera. Mphuno yake inali pa mpata, ndevu zikunjenjemera. “Nambewe, muno mukununkha mkaka.”

Nambewe anaima kutsogolo kwa nsapato ya ana. “Mkaka? Chimanga chimayamwitsa?”

“Mphuno yanga sinama. Ili ndi fungo la tiana ta mbewa.”

“Mphuno ya msilikali ndi yakuthwa, sindikana. Koma mwanunkhiza patali, mafungo asakanizika. Nali gwero lake.” Anakankhira pa chitseko nsapato imene inachedwa kumasulidwa ija. “Lowetsani mphuno yonse. Kokani mpweya ndithu.”

Vumbwe analowetsa mutu mpaka m'makutu, nakoka. Anabwerera chagada, akuyetsemula, misozi ili chuchuchu.

“Mayo! Mbawala, m'bale wanga, umaponda chiyani?”

“Mapazi anga sanunkha!” anakalipa Mbawala. “Ndi madzi a m'ngalande amenewo!”

“Ngalande ndaiwoloka kangati ine? Ili ndi fungo la chinthu chakufa chaka chatha!”

Phokoso lawo linadzutsa ana. Tswii! Tswii!

“Onani tsono, mwawadzidzimutsa madzi,” anatero Nambewe. “Abwerera m'kati. Khalani chete.”

Anaimbanso nyimbo ija, ya mayi amene sali kutali ndi mlendo wosachedwa kupita. Pofika pamene mawu amakwera n'kugwa, anamva wina akung'ung'udza kunja mokhuthala. Anali Vumbwe, mphuno itatsekeka, akuthandiza kutulutsa madzi. Masiku otsatira mphuno yake sinamvenso kanthu, ndipo ankayamba yekha nyimboyo akangomva kulira.

Nsapato yachiwiri inatuluka, yachitatu inatuluka. Ana anamera ubweya, awiri anatsegula maso. Mvula inayamba kupumira. Tsiku loti mawa mpikisano, nkhokwe inagwedezeka, pa mpata panabwera diso lalikulu lakuda.

“Vumbwe, pita ukamwe madzi,” anatero mawu a Mfumu Njati. “Ine ndine mkazi, chikuta sichindikana. Kungoti sindingakwanemo.” Vumbwe atachoka, mfumu inatsitsa mawu. “Nambewe, funso langa lija landisowetsa tulo. Khomo lili pati?”

Nambewe pa zimenezi sanafunikire kunama, ndipo anayankha mokondwa ngati mwana woonetsa chimene watola. “Ndi lomwe analowera, amfumu. Koma okha sayenda. Mukaika chouma m'kati, amakwera pamsana pake. Chikanyowa muchotse msanga, apo ayi amatsikanso. Nsapato muiyasamitse, iyang'ane kumphepo. Moto ayi. Moto umawathamangitsa, inde, koma pothawa amagwetsa nyumba.”

“Haa!” Mfumu inapuma mpweya umene unaulutsa makoko. “Ndiye zinali pafupi chonchi? Nanga bwanji thonje limaposa makoko?”

“Chimenecho nanenso chikundizunguza. Mwina poti ndi lofewa limafika m'ngodya zonse. Mwina lili ndi ludzu lalikulu. Ndikanakhala ndi nthawi ndikanayesa nthenga.”

Tswii!

Nambewe anauma. Panalibe chochita koma kuimba, ndipo anaimba. Diso lalikulu lija linaphethira pang'onopang'ono. Nyimbo inatha.

“Nyimbo imeneyo ndinaimbira ana anga onse,” inatero mfumu. “Madzi akowa atsegula maso?”

Nambewe anagwada. “Awiri atsegula, amfumu. Kamodzi sikanatsegule.”

“Hmm. Tamvera, mayi. Chilolezo ndinapereka kwa iwe wekha, bwalo lonse likumva. Lamulo la nkhokwe ndi langa lomwe. Ndikalithyola lero, mawa mbewa zonse za dziko lino zili muno. Vumbwe akawapeza, ine pakamwa ndilibe. Ndipo nsapato ndiifuna mawa m'mawa.” Diso linayandikira. “Sindinena kanthu kwa aliyense. Ndikungofuna ndione kuti utuluka bwanji.”

Mfumu inapita. Nambewe anayang'ana pansi kudzera pa mpata: matope okhaokha, ndi Vumbwe atabwerera pamalo pake pansi pa chitseko. Kuwazembetsa sikukanatheka. Mwana mmodzi pakamwa, awiri otsala ndi ndani? Anayang'ana ana, anayang'ana msana wa Vumbwe wonyowa ndi mvula ya masiku onsewa. Kenaka anakonza pakhosi.

“Bwana, a Nyani afika?”

“Adzatani?”

“Si mawa chikuta chitha? Nsapato yotsiriza siponyedwa pa chitseko ngati zinzake. Imatulutsidwa mwa mwambo, ngati mwana. Wamkulu wina amainyamula m'manja, kuionetsa kwa anthu, kuimanga chingwe m'chiuno, kuitcha dzina lake, amayi akuimba nthungululu. Ndimayesa poti a Nyani ndi nduna, ndiponso ndi amene anaganiza za nkhokwe…”

“Nyani?” Ubweya wa Vumbwe unaima. “Nyani amene anawotcha nsapato? Wagona pamvula pano ndani? Wasenza mtsamiro ndani? Wanunkhiza zija ndani?”

“Ndi inu, bwana. Koma mwambowu ndi wolemera. Wotulutsa amalumbira pamaso pa anthu. Mwina msilikali sangafune…”

“Ndati ndinyamula ine! Nyani akayandikira ndimudula mchira.”

Kutacha, mudzi wonse unasonkhana pa nkhokwe, a kuseri kwa phiri nawonso atafika kudzaperekeza wothamanga wawo. Nambewe anayamwitsa ana mpaka anagona, anawaphimba ndi thonje, nakhala pa lilime la nsapato ngati namwino. Vumbwe anakwera, ananyamula nsapato m'manja awiri mosamala, natsika nayo chifuwa chili patsogolo. Amayi anaimba nthungululu. Anazungulira bwalo akuionetsa uku ndi uku, anaimanga chingwe choyera pakati, nakweza mawu monga amachitira wotulutsa mwana.

“Tamverani nonse! Chimene chili m'manja mwangamu ndachitulutsa m'chikuta ndine. Ndachilondera pamvula ndine. Dzina ndikuchipatsa langa, Kavumbwe. Wochikhudza ndi dzino kapena chikhadabo wakhudza ine!”

Nthungululu zinawirikiza. Koma Mbawala anali atatopa ndi miyambo. Analanda nsapato, anaiika pansi, nakweza chiboda chake chakuthwa kuti alowetse.

“Imani!”

Nambewe anadziponya pakamwa pa nsapato, manja atatambasula. Chiboda chinaima pamwamba pa mutu wake penipeni.

“Mayi, choka, nthawi yatha!”

“Imani, achimwene, ndapota nanu. Muli anthu.”

Thonje linagwedezeka. Panatuluka kamphuno, kenaka kena. Tiana tiwiri tinagwera pansi tikuphethira. Kachitatu Nambewe anakatulutsa pakamwa.

Vumbwe anayang'ana, maso ake n'kusanduka timizere. Anatsitsa mimba pansi, mchira ukumenya uku ndi uku.

“Madzi,” anatero motsitsa. “Madzi olira. Amfumu, mbewa zitatu zopanda chilolezo, zochokera m'nkhokwe. Lamulo mukulidziwa.”

“Ndikulidziwa,” inatero mfumu, ikuyang'ana Nambewe osati Vumbwe.

“Pepani, ndifunse nawo,” anatero Nyani, amene mawu a kudulidwa mchira anali atamufika. “Anawa wawatulutsa m'chikuta ndani? Ine maso anga ndi okalamba. Kwathu kuno munthu amadya mwana amene wamutulutsa yekha n'kumutcha dzina?”

“Ine ndinatcha nsapato!” anakuwa Vumbwe.

Wina wa kuseri kwa phiri anaphulika kuseka. “Mwamva? Kuno mkulu wa asilikali amatcha nsapato mayina!”

Nambewe anayenda mpaka pansi pa ndevu za Vumbwe, nalankhula motsitsa kuti amve iye yekha.

“Bwana, alendowa abwerera kwawo lero ndi nkhani imodzi. Ina ndi yakuti Vumbwe anagona pamvula kulondera nsapato, kuiimbira nyimbo, kuimanga chingwe m'chiuno, mbewa ikumuseka. Ina ndi yakuti Vumbwe anadziwa zonse, nasunga ana a mayi wosowa pogwira mpaka mvula itakata. Ine yachiwiriyo ndiichitira umboni kulikonse. Koma mukandidya, mboni palibe.”

Vumbwe anameza malovu. Anayang'ana alendo, anayang'ana Nyani. Nthawi yomweyo kachitsiriza, kofunafuna pofunda, kanakwawira pa phazi lake, kanadzipinda mu ubweya, kanatsegula maso kwa nthawi yoyamba. Chinthu choyamba kuchiona pa dziko chinali nkhope ya Vumbwe.

Vumbwe anadzuka pang'onopang'ono, phazi lija osalisuntha.

“Mukuseka chiyani?” anatero. “Ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba. Mphuno iyi mumaiyesa yamasewera? Iwe Fisi, bwerera kumbuyo, ukuyang'ana chiyani ana anga?”

Mfumu Njati inaseka mpaka inakhala pansi m'matope. “Mlandu palibe,” inatero. “Mbawala, vala uthamange. Nambewe, ukapeza malo ubwere, tidzayese nthenga zija.”

Mbawala anagwedeza nsapato, anasuzumiramo kawiri, navala. Akuti anathamanga tsiku limenelo ngati mphepo, ndipo masuku anadyedwa kwa Njati. Nambewe mpikisano sanauone. Anali kuchulu akukumba una watsopano pamalo okwera, Vumbwe atakhala pambali ndi tiana titatu pakati pa mapazi, akung'ung'udza nyimbo ija, malovu akumeza.

Ana aja anakula, anabala awo, anabalalika m'dziko lonse, ndipo Vumbwe sanathenso kuwazindikira. N'chifukwa chake mpaka lero iye ndi mphwake mphaka akagwira mbewa saidya msanga. Amayamba aitembenuza, kuiponya, kuisiya, kuigwiranso, kufuna kuona ngati si Kavumbwe. Zidzukulu za Nambewe nazo sizinaiwale: zikapeza nsapato yosiyidwa pakona, zimayamba kututiramo tinsanza ndi timapepala.

Nthano yafika pamene imagona. Tsono iwe, ukabwera kothamanga nsapato zitanyowa, usaziike pamoto. Umasule zingwe, uikemo zouma, uzisiye pamphepo. Ndipo ndikupempha chinthu chimodzi: m'mawa usanalowetse phazi, uziyamba wasuzumiramo.